Ngolo ya Che Amadu

Ana anga, mayi anu akuti ndilembe zimenezi kuti mwina ndingakhale pansi. Akuti cholembera chilibe matayala, ndiye sichinganditengere kutali. Za ubwana wanga ndi za kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi munazimva mpaka kutopa nazo, sindibwerezanso. Ndiyambira pomwe ndinagwira chiwongolero cha galimoto ya odwala, chifukwa nkhani ya ngolo imene mumaiona pansi pa mango pa msika wathu inayambira pamenepo, ngakhale kuti ngoloyo inabwera ine nditakalamba kale.

Mandimba, titangobwerera kwathu

Kuyendetsa ndinaphunzirira ku Malawi, pa lole yonyamula chimanga. Titabwerera nkhondo itatha, odziwa chiwongolero tinali ochepa, ndipo a zaumoyo anandilemba ntchito tsiku lomwe anandiyesa. Galimoto yake inali yoyera pa dzina pokha. Inkadzuka ikafuna, ndipo m'mawa wambiri odwala amene anali ndi timphamvu ndiwo ankaikankha kuti ilire. Shefe wanga woyamba, kunena bwana wa pa ntchito, anali Dona Rosalina, namwino wamfupi amene mawu ake ankamveka mpaka kumsewu. Tsiku loyamba anandizungulitsa galimoto yonse, kenaka anaima pa chitseko chakumbuyo n'kuchimenya ndi chikhatho. "Alubeto, tamvera. Galimoto iyi ndi ya amoyo. Unyamule wodwala, unyamule mayi woyembekezera, ngakhale nkhuku ya wodwalayo ukafuna unyamule. Koma tsiku lomwe udzaikemo maliro, usadzabwerenso kuno." Ndinafunsa kuti nanga maliro alakwa chiyani, poti mwini wake sadandaula ndi mabampu. Sanaseke. Anati, "Maliro salakwa. Koma ukanyamula wakufa lero, mawa mayi wapakati akana kukwera, ndipo adzafera m'nyumba galimoto ili pakhomo pake." Lamulo limenelo ndinalisunga zaka zonse za ntchito yanga. Anthu anandigwadira, ena ananditukwana, mlamu wanga weniweni anakhala osandilankhula mpaka chaka chinatembenuka, koma sindinatsegulirepo chitseko chija munthu womwalira kale. Amene ankatisiya tili pa msewu ndi nkhani ina, ndipo analipo ambiri.

Ngauma ndi Cuamba, zaka zapakati

Kuchoka ku Mandimba ananditumiza ku Ngauma. Shefe wa kumeneko anali mnyamata waulemu, koma mafuta ankawaopa kuposa njoka. M'mawa uliwonse ankaviika kamtengo m'thanki, n'kukayang'ana kamtengoko, n'kundiyang'ana ine, ngati kuti mafutawo ndimamwera tiyi. Sindimunena, poti mafuta ankabweradi mochedwa, ndipo akatha ntchito yanga inkasanduka yopalasa njinga kukauza anthu kuti galimoto sibwera. Pa ntchito zonse zimene ndinagwirapo, imeneyo ndiyo ndinkaida. Ku Cuamba, kumene ndinamalizira, mafuta analiko koma matayala ndiwo ankasowa, ndipo fumbi la kumeneko ndinalimeza lokwanira kuumba nyumba. Mabwana anasinthasintha mpaka ena maina awo ndinaiwala.

Chimene sindinaiwale ndi ichi. Msewu waukulu si umene unkapha anthu. Chinkapha ndi kanjira kochokera m'mudzi kudzafika pa msewupo, kumene galimoto singalowe. Ndinkaima pamphambano injini ikulira, kudikira anthu amene anyamula mayi pa chitseko, kapena m'bulangete lomangirira ku mtengo, kapena atamukhazika pa kaliyala wa njinga. Akamatulukira m'tchire, kawirikawiri nkhani inali itatha kale. Ndinkamenya chiwongolero ndi ukali, koma galimoto ilibe miyendo yolowera m'dambo.

Kumudzi kwa mayi anu, chaka chomwe ndinapuma

Tsiku lomwe ndinapereka makiyi, anzanga anandiuza kuti tsopano ndikapume. Sanandiuze kuti kupumako amapuma bwanji. Ndinabwerera kuno ku Ngauma, kumene kuli munda wa chimanga ndi chigafa cha fodya, ndipo ndinayesa kukhala mlimi. Khasu ndimalidziwa, koma khasu silipita kulikonse. Ndikamva galimoto kutali ndinkaimirira pakati pa mzere n'kumamvetsera ngati injini yake ili bwino. Ndinamasula chitseko cha kukhitchini chomwe sichinalakwe kanthu. Ndinaphwasula wailesi, kenaka makina osokera a mayi anu, ndipo pobwezera panatsala tizitsulo tomwe mpaka lero sindidziwa kwawo. Mayi anu ankangoti, "Bambo a Tereza, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ine ndinkayankha kuti maso a nkhono ndilibe nawo ntchito.

Masana ambiri ndinkathera pa msika, pa khumbi la Che Amadu, wowotcherera zitsulo. Anali Myao, Msilamu wosaphonya swala, ndipo ine ndi iye tinkanyozana ngati pachisuweni. Ndikafika n'kumupatsa moni m'Chiyao kuti, "Ajimwiche uli, Che Amadu?" ankayankha m'Chinyanja kuti, "Ndinadzuka bwino, mpaka pomwe mwafika inu." Chaka chimenecho mwana wake wamkazi, Asiyatu, anali ndi pakati poyamba, ndipo matenda anamuyamba mvula ili mkati. Mudzi wawo uli kuseri kwa dambo. Anamukhazika pa kaliyala, mwamuna wake akukankha njinga, amayi ake atamugwira m'chiuno, kulunjika ku postu, kachipatala kathu kaja. Sanafike. Mwana anabadwira m'njira ndipo sanalire. Asiyatu yekha anapulumuka mwa chisomo. Nditapita kukapepesa, Che Amadu sanandinyoze. Anangoti, "Inu munali ndi galimoto zaka zonsezi, ine ndili ndi moto ndi zitsulo, koma mwana wanga anakwera kaliyala ngati thumba la makala." Mawu amenewo anandilasa, ndipo sabata imeneyo ndinaphwasula chilichonse chomwe chinali ndi nati pakhomo pathu.

Chilimwe chitafika abusa anandiitana. "Bambo Alubeto, ku Cuamba kuli msonkhano wa mipingo, wokambirana za luso, kugwirira ntchito pamodzi ndi kutumikira anthu a m'midzi mwathu. Mpingo wasankha inu." Ndinanyada. Pambuyo pake ndinamva kuti mpingo umene unandisankhawo unali mayi anu okha, ndi kuti anapita kwa abusa atasenza makina osokera aja kuti akhale umboni.

Cuamba, chilimwe chomwecho

Ndinakwera shapa, minibasi ya kuno kwathu, mpaka ku Mandimba, ina mpaka ku Cuamba, ndipo njira yonse ndinkaponda buleki pansi pa mpando ngati woyendetsa ndine. Dalaivala anatopa ndi malangizo anga mpaka anakweza nyimbo. Msonkhano unali m'holo ya tchalitchi china cha m'tauni. Kunabwera anthu a mipingo imene kwathu sitipalirana ngakhale moto: a ku Etatara, a m'mbali mwa nyanja ya Amaramba atanyamula nsomba zawo zouma, a ku Mandimba, ndi ife a ku Ngauma. Mawu aliwonse ankayenda ulendo wautali, kuchoka m'Chipwitikizi kulowa m'Chimakuwa, kenaka m'Chinyanja, moti nthabwala ikamafika kwa ife eni ake anali atamaliza kale kuseka. Tsiku loyamba ndinavutika. Mabenchi anali ouma, alaliki anali ndi mpweya wambiri, ndipo aliyense wokwera kuguwa ankatikumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga, ngati kuti tinabwera ndi madenga. Ndinatuluka kangapo, ati kukataya madzi, koma ndinkakaima pa mpanda kumvetsera sitima ndi malole. Pomwe tinkabalalika madzulo ndinali nditaganiza kale zokwera shapa ya m'mawa.

Amene anandiletsa ndi Mayi Lusiya a ku Etatara, amene anatsogolera tsiku lachiwiri. Iwo sanakwere kuguwa. Anatitulutsa tonse kupita kuseri kwa holo, kumene anaunjika zinthu zotayidwa: mabedi achitsulo othyoka, mikombero ya njinga, zigubu zobooka, matayala akutha, zingwe. Anati, "Mulungu amene timamupembedza anayamba ndi kupanga, zolalikira zinabwera pambuyo. Inunso lero simulalikira. Gulu lililonse litenge zimene likufuna pa mulu uwu, lipange chinthu chimene chingapukute msozi umodzi m'mudzi mwanu. Koma musakhale ndi munthu wa mpingo wanu. Amene mumaimba naye Lamulungu lililonse maganizo ake mumawadziwa kale." Abusa ena anayang'ana masuti awo mwachisoni. Ine ndinali nditavula kale jekete.

Ndinagwera m'gulu la mayi wina wogulitsa nsomba wa ku Amaramba ndi bambo wina wa kabaza wa ku Mandimba, wa mpingo umene ife timaunena kuti umapemphera mophokosera anthu. Poyamba tinakangana. Mayiyo ankafuna thandala loumitsira nsomba, wa kabaza ankafuna mthunzi wa pa siteji yawo, ndipo aliyense ankakoka bedi limodzimodzi kupita kwake. Kenaka ndinawauza za Asiyatu. Sindinakonzekere, zinangotuluka. Onse analeka kukoka. Mayi wa nsomba anagwira bedi lija nati, "Mayi akamamva kupweteka safuna kukhala, amafuna kugona. Ndinabereka, ndikudziwa." Wa kabaza anakanda mutu nati, "Njinga imakoka katundu wambiri kuposa amene imabereka. Tikaika mikombero pa bedili, ine ndikhoza kulikoka." Ine ndinkadziwa pomwe kulemera kuyenera kugwera kuti wodwala asagwedezeke, ndi kuti ngoloyo ikhale yopapatiza kuti ilowe m'kanjira ka anthu oyenda pansi. Palibe mmodzi wa ife amene akanaiganiza yekha. Tinamanga ndi zingwe ndi malegeni, thukuta lili kamukamu, nsima ya masana n'kuiiwala. Poyesa tinagonekapo m'busa wina wonenepa amene anadzipereka yekha. Ngolo inayenda bwino pang'ono, kenaka mkombero umodzi unapindika, m'busa uja n'kutsetserekera m'fumbi la Cuamba miyendo ili m'mwamba. Msonkhano wonse unaseka nthawi imodzi, ndipo nthabwala imeneyo sinafune womasulira.

Tsiku lomaliza Mayi Lusiya anayendera gulu lililonse. Atafika pa ine anafunsa kuti ndikafika kwathu ndikaipanga ndi ndani. Ndinati ndi amuna a mpingo wathu. "Alipo wowotcherera?" Ndinati palibe, wowotcherera wa kwathu ndi Msilamu, ndipo ndi bambo wake wa Asiyatu, mtsikana amene anataya mwana uja. Anandiyang'ana ngati mwana amene wasochera pakhomo pa amayi ake. "Ndiye mukudikira chiyani? Bambo, ngolo ikakhala ya mpingo wanu idzanyamula a mpingo wanu okha. Pitani kwa Msilamuyo. Ndipo mukamaliza musakalembepo dzina la tchalitchi." Ndinawauzanso za lamulo la Dona Rosalina, iwo n'kuvomera kuti ndikalisunge. Pobwerera sindinalangize dalaivala ngakhale kamodzi. Ndinkajambula ngolo ndi chala pa bondo langa mpaka ku Mandimba.

Ngauma, mvula isanagwe

Che Amadu anamvetsera osandidula mawu, chinthu chimene anali asanachitepo. Nditamaliza anati, "Ndiye munapita mpaka ku Cuamba kuti Akhristu anzanu akakuuzeni kuti mubwere kwa ine? Mukanandifunsa, ndikanakuuzani mwaulere." Koma tsiku lomwelo anayatsa jenereta. Abusa anapereka bedi lachitsulo lomwe linkachita dzimbiri kuseri kwa tchalitchi. Shehe anapereka njinga. Azimayi a kumzikiti ndi a kutchalitchi anasoka matiresi ndi chinsalu cha denga, pa makina a mayi anu, amene munthu wina anali atawakonza ine ndili ku Cuamba. Ine ndi Che Amadu tinakangana pa chilichonse, makamaka pa chokolowekera ngolo ku njinga. Ine ndinkafuna chikhale pansi, iye ankafuna chikhale kumpando, ndipo anapambana ndi iye chifukwa moto unali m'manja mwake. Ankatsokomola kwambiri masiku amenewo, koma ndikamuuza zokaonana ndi anamwino ankati utsi ndi umene ukumupatsa moni. Tsiku lina anazimitsa moto, n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Asiyatu ali ndi pakati pena. Nthawi yake ndi ya mvula. Ngolo iyi ithe chimanga chisanamere."

Inatha. Tinaiimika pansi pa mango pa msika, malo amene si a tchalitchi, si a mzikiti. Pamaso pa anthu onse ndinanena lamulo lija, kuti ngolo iyi ndi ya amoyo. Che Amadu ndiye anavomera mokweza kuposa onse. "Wakufa ali ndi jeneza yake," anatero, kunena machila awo onyamulira maliro. "Asalande ngolo ya ana." Inanyamula bambo wina amene anadzitema ndi nkhwangwa, inanyamula mayi wina wa malungo, ndipo onse anabwerera kwawo ndi miyendo yawo. Wachitatu kukwera anali Che Amadu mwini wake. Chifuwa chija chinamugwetsa m'mawa wina, ndipo tinathamanga naye ku postu akutilangiza m'njira kuti tikupalasa molakwika. Dzuwa litangopendeka, anatisiya.

Ndinali nditaima pafupi ndi ngolo, osadziwa chochita ndi manja anga, pamene Twaibu, mwana wake wamkulu, anabwera n'kugwada. "Bambo, dzuwa likupita. Kwathu sitigoneka maliro, mukudziwa. Jeneza ili kumudzi, tikati tikaitenge n'kubwera nayo, kwada. Ngolo ili pano. Anaipanga ndi iwo." Ana anga, ndinagwira njakata. Mawu a Dona Rosalina ndinawamva ngati waima kumbuyo kwanga. Ine amene ndinakaniza mlamu wanga, ine amene ndinalengeza lamulo pa msika, malemuyo akundivomereza. Ndinazungulira ngolo, n'kuizunguliranso. Ndinati, "Twaibu, ukudziwa kuti tikatero mlongo wako sadzakwera?" Anayankha misozi ikutsika, "Ndikudziwa, bambo. Koma bambo anga ndiwasiye pa simenti?" Sindinama kuti ndinapemphera n'kumva yankho. Ndinangoona msoko wa moto pa chokolowekera chija, pomwe tinakangana iye n'kupambana, ndipo mtima unakana kumusiya mnzanga kuti agone kwa eni. Ndinati, "Kawatengeni." Ndinapalasa ndekha mpaka padambo, anyamata n'kukankha kuwoloka. Anamuika dzuwa lisanalowe, monga mwa mwambo wawo.

Masabata otsatira

Dona Rosalina sananame. Sabata isanathe dzina linali litasintha, aliyense ankati ngolo ya maliro. Azimayi akamadutsa pa mango paja ankatembenuza nkhope. Mayi wina wa mpingo wathu womwe anapita ku postu pa kaliyala, kudutsa pafupi ndi ngolo ili chiimire. Abusa anaipempherera. Shehe anabwera n'kuwerengapo mawu ake. Ine ndinaipaka utoto wina, koma anthu anangoti ngolo ya maliro yavala malaya atsopano. Ndinapita kwa Abiti Saidi, mkazi wa malemu, amayi ake a Asiyatu. Anandilandira mwaulemu, anandithokoza chifukwa cha amuna awo, koma nditatchula ngolo nkhope inauma. "Bambo, mwana wanga ndi wodwala. Mayi wapakati sagona pomwe pagona mtembo, ngakhale kwanu mumadziwa zimenezo. Ndalira mdzukulu, ndalira mwamuna. Mukufuna ndilirenso?" Mitambo inali itayamba kusonkhana, dambo likudikira madzi, ndipo ndinachita mantha kuti ndalemekeza mnzanga pomuphera mwana. Ndinkayenda kuchoka kunyumba kupita pa mango, kuchoka pa mango kubwerera kunyumba, mpaka agalu a m'njira analeka kundiuwa.

Kenaka ndinakumbukira m'busa wonenepa wa ku Cuamba, ndi momwe kuseka kunatigwirizanitsira tonse. Ndinati mantha amathawa chiseko. Tsiku la msika ndinapempha Twaibu kuti apalase, ine n'kugona chagada pa ngolo, manja pachifuwa, kuti anthu aone kuti wamoyo akhoza kugonapo n'kudzuka bwinobwino. Sindinauze aliyense, ngakhale mayi anu. Titalowa pakati pa msika, mayi wina wogulitsa matimati anaona mapazi anga n'kuyamba kulira mokuwa kuti Bambo Alubeto atisiya. Ena analandira maliro. Ndinaona kuti zafika poipa, ndiye ndinadzuka n'kukweza dzanja kuti ndiwapatse moni. Msika unabalalika. Matimati anapondedwa, nkhuku zinamasuka, bambo wina anasiya njinga n'kulowa m'chimanga cha eni. Atazindikira kuti ndine wamoyo anabwerera akuseka mpaka kugwira nthiti, koma kuseka kwake sikunali kumene ndinkafuna. Wina anakuwa kuti, "Asiyeni agogo, akuyeserera ulendo wawo!" Kufika kunyumba, mayi anu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwamaliza kufa? Madzi osamba ali kubafa." Tsiku limenelo sanandilankhulenso. Ndipo ngolo inaonjezera mbiri, tsopano ankati imadzutsanso mizukwa.

Mvula itagwa

Unali m'mawa, mvula itagwa usiku wonse, pamene Twaibu anafika pakhomo ali wefuwefu. "Bambo, Asiyatu matenda ayamba. Akuti mubwere ndi ngolo." Ndinafunsa kuti akutero ndani, amayi ake? Anati ayi, Asiyatu mwini wake. Tinaikoka kuwoloka dambo madzi ali m'mawondo. Pakhomo pawo tinapeza azimayi atadzaza, njinga itakonzedwa kale, chitenje atachipinda pa kaliyala. Abiti Saidi ataona ngolo anaima pakati pa njira natambasula manja. "Ibwerere komwe yachokera." Ndinaima.

Asiyatu anatuluka yekha, atagwira mphuthu ya chitseko, thukuta lili pamphumi. Sanayang'ane amayi ake, anayang'ana ine. "Bambo Alubeto, tsiku lija mutu wa bambo unali mbali iti?" Ndinaloza kutsogolo, kufupi ndi njinga. "Ikani pilo komweko." Azimayi anayamba kung'ung'udza. Iye anadikira ululu udutse, kenaka anatembenukira kwa amayi ake. "Amayi, kaliyala ndinakwera kale, ndipo mukudziwa komwe anandifikitsa. Ngolo iyi bambo anapangira ine. Anakhosomola nayo mpaka kumapeto. Ngati anagonapo, anagonapo bambo anga, si mlendo. Ndiwaope lero, poti ali moyo sindinkawaopa?" Anayenda yekha mpaka pa ngolo n'kugona, mutu pomwe panali mutu wa bambo ake. Abiti Saidi anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kumufunditsa mwana wawo mpaka m'khosi. "Nanga mukuyang'ana chiyani?" anatikalipira. "Palasani!"

Twaibu anapalasa, mwamuna wa Asiyatu akukankha, ine ndikuthamanga pambuyo kupereka malangizo amene panalibe wowafuna. Chokolowekera cha Che Amadu sichinagwedere ngakhale padambo. Tinafika ku postu Asiyatu akulankhula, ndipo anamwino anamulowetsa n'kunditsekera chitseko pamphuno. Panja panali benchi. Ndinakhala. Mayi anu, amene anatitsatira ndi phala, amanena mpaka lero kuti ndinakhala pa benchi limenelo osadzuka, osagwira kanthu, osamasula nati ngakhale imodzi, mpaka anabwera kudzandigwira pamphumi kuti aone ngati ndikudwala. Dzuwa litapendeka tinamva kulira, kwaukali, kwa munthu amene wafika ndipo akufuna aliyense adziwe. Abiti Saidi anasuzumira pakhomo nati, "Wachira." Ndinalira pamaso pa mayi anu osachita manyazi.

Tsiku lotuluka tinabweranso ndi ngolo. Asiyatu atagona, Abiti Saidi anadandaula kuti miyendo ikuwawa, n'kukhala chakumapazi kwa ngoloyo mdzukulu ali m'manja. Tinadutsa pakati pa msika. Palibe anathawa, palibe anaseka, ndipo mayi wa matimati uja anathamanga kudzaona mwana. Kuyambira pamenepo ngolo yagwira ntchito, ndipo dzina lomwe linakhazikika ndi limene tinaiwala kulembapo, ngolo ya Che Amadu.

Dona Rosalina anali ndi zoona zake, ndipo lamulo lake tinalibwezera pomwepo. Linathyoledwa kamodzi, chifukwa cha mwini wake, ndipo silidzathyoledwanso. Choncho ndikuuziranitu, inu ana anga, poti ndikukudziwani kuti mumakonda zachidule. Tsiku langa likadzafika, mudzafune mapewa a anthu. Pa ngoloyo musadzandiikepo. Ulendo wanga ndinayeserera kale, msika wonse ndi mboni, ndipo ngolo ija ndi ya amoyo.